Kaundula wa ku Lirangwe ndi Kompyuta ya Zipinda Ziwiri

Chileka, matipate atangoyamba

Ana anga, za ubwana wanga ndinakuuzani kale pakamwa kangapo konse, choncho pano ndiyambira pomwe ndinayambira ntchito. Ndinalembedwa ngati wotayipa makalata pa ofesi yaing'ono ya mpingo wathu ku Chileka, nthawi imene anthu anali atangoyamba kuvala nsalu za zipani zosiyanasiyana mosayang'ana kumbuyo. Makina anga otayipira anali achikale zedi. Chilembo cha "e" chinkakanirira pa pepala, ndinkachita kuchibweza ndi chala. Mapepala ankasowa, riboni ikatha tinkaitembenuza n'kuigwiritsanso ntchito mpaka zilembo zizioneka ngati phulusa. Ndege ikamatera mawindo a ofesi ankanjenjemera, ndipo tonse tinkasiya kulankhula mpaka idutse.

Patatha chaka ndi theka kunabwera kompyuta yathu yoyamba. Inali ya sikirini yakuda ndi zilembo zoyera, yopanda zithunzi, ndipo chilichonse chimene ukufuna kuti ichite unkachita kuilembera mawu. Anzanga onse ankaiopa. Amene anandiphunzitsa ine anali Che Jafali, bambo wachisilamu amene ankakonza makina a wayilesi ku bwalo la ndege, ndipo masiku opuma ankakonza mawailesi a anthu pakhonde la nyumba yawo kuseri kwa msika. Anali munthu wosapupuluma. Ndikalakwitsa ankangoti, "Amayi, makinawa sakwiya. Bwerezaninso." Iwowo ndi amene anandiuza kuti m'kati mwa kompyuta iliyonse mumakhala sisitimu, ndiye kuti pulogalamu yaikulu imene imaidzutsa ndi kuyendetsa mapulogalamu ena onse. Mawu amenewa ndinangowamva n'kuwasiya, osadziwa kuti adzandisowetsa mtendere tsiku lina.

Lirangwe, patatha zaka zinayi

Anandisamutsira ku kachipatala ka mpingo pafupi ndi Lirangwe kuti ndikakhale wosunga kaundula wa odwala. Kompyuta ija inapita nane limodzi chifukwa ku Chileka kunalibe wina woigwira. Dokotala wina wakunja amene anakhala nafe miyezi ingapo anatilembera kapulogalamu kosungira mayina: dzina la wodwala, mudzi wake, matenda amene wakhala akudwala, mankhwala amene analandira, ndiponso mankhwala amene thupi lake limadana nawo. Iye atabwerera kwawo ine ndinatsala ndi ntchito yolowetsamo makadi onse amene anali m'makatoni. Ndinachita bwino kufulumira, chifukwa denga la sitolo linkadontha, ndipo makadi amene anapulumuka ku mvula anadyedwa ndi chiswe. Pofika chaka changa chachisanu ndi chiwiri kumeneko, mbiri ya odwala a midzi yonse ya m'dera lathu la Chigaru inali m'kompyuta yokhayo basi. Anthu anali ndi mabuku awo a kuchipatala, inde, koma buku la kumudzi limanyowa, limapsa, ana amang'amba, ndipo ena ankabwera ndi buku la mlamu wawo.

Nthawi imeneyo n'kuti woyang'anira chipatala ali a Sambani, amene anabwera kuchokera mu tauni ya Blantyre. Sanali munthu woipa, koma ankakhulupirira pepala kuposa munthu. Magolovesi akasowa, jenereta ikasowa mafuta, iwo ankalemba kalata n'kudikira yankho. Makiyi a kabati iliyonse ankayenda nawo m'thumba.

Dzinja la mphezi

Tsiku lina masana mu Januwale kunagwa mvula ya mabingu. Mphezi inatsikira pa waya wa magetsi, ndipo ndinangomva kuti phwa! kuseri kwa desiki, kenaka fungo la pulasitiki yopsa. Kompyuta ija sinayakenso. Ndinatumiza uthenga ku Chileka, ndipo Che Jafali, amene n'kuti atapuma ntchito, anabwera pa minibasi m'mawa mwake. Anatsegula, ananunkhiza, napukusa mutu. Kenaka anamasula kabokosi kachitsulo kofanana ndi buku laling'ono la nyimbo n'kundipatsa m'manja. "Zonse zapsa, koma disiki iyi ikuoneka kuti yapulumuka. Mayina anu onse ali umu. Muisunge pouma." Ndinaikulunga m'nsalu n'kuiika m'chikwama changa.

Patatha milungu itatu bungwe lina lothandiza zipatala linatipatsa kompyuta yatsopano. Inali yokongola, ya zithunzi ndi mitundu, yokhala ndi sisitimu yatsopano ndi pulogalamu yawoyawo imene ankafuna kuti tizitumizira malipoti mwezi ndi mwezi. Kumbuyo kwake anamatako sitika yofiira, ndipo anatiuza kuti ikang'ambika iwo sadzayankhapo kanthu pa vuto lililonse. Ine ndinali ndi madisiketi amene ndinkasungirapo kaundula Lachisanu lililonse, koma nditayang'ana kutsogolo ndi kumbuyo kwa kompyuta yatsopanoyo ndinapeza kuti ilibe n'komwe polowetsa disiketi. Munthu amene anaibweretsa anandiuza mosabisa kuti ngakhale polowetsa pakanakhalapo, kapulogalamu kathu kakale sikakanayenda pa sisitimu yatsopano. "Ingoyambani kaundula watsopano, amayi," anatero akukwera galimoto.

Ndinakafunsa Che Jafali ngati panali njira. Anayankha kuti, "Ilipo. Disiki ya kompyuta yatsopanoyo ili ngati nyumba ya chipinda chimodzi chachikulu. Tikhoza kumanga khoma pakati, sisitimu yatsopano ikhale mbali yake, yakale ndi mayina anu ikhalenso mbali yake. Mukayatsa izikufunsani kuti mulowa kuti. Koma kuti ndisamutse zili mu disiki yakaleyi ndiyenera kutsegula bokosi, ndipo sindikunamizani, pomanga khomalo nthawi zina zinthu zimatha kuwonongeka."

Lolemba ndinalowa mu ofesi ya a Sambani n'kuyamba kuwafotokozera. Sanandilole n'komwe kumaliza.

"Mayi Likoswe, mukufuna mupereke katundu wa eni ake kwa wokonza mawailesi wa kuseri kwa msika?"

"Bwana, anakonza makina a ku bwalo la ndege zaka zambiri. Komanso muli mbiri ya anthu a khunyu, a shuga, a mphumu. Adokotala atsopanowa sakuwadziwa anthu amenewa."

"Akabwera tiziwafunsa."

"Nanga wobwera atakomoka timufunsa bwanji?"

Anasewera ndi makiyi awo. Kenaka anati, "Ine sindinakuloleni. Koma ngati mukulimbikira, mulembe kalata ndi dzanja lanu yonena kuti kompyutayo mwaitenga mwa kufuna kwanu, ndipo ikawonongeka mudziwa nokha kuti ntchito yanu yathera pomwepo."

Ndinali nditatsala ndi zaka zisanu kuti ndipume, ndipo awiri mwa inu munali ku sekondale. Sabata yonseyo ndinkayenda ngati wodwala malungo. Lachinayi kunabwera mayi wina wa khunyu amene ndinkamudziwa bwino nkhope. Adokotala anandifunsa kuti ankamwa mapiritsi angati patsiku, ndipo ine ndinayesa kukumbukira koma osatheka. Mayiyo ankati awiri, mwamuna wake ankati atatu. Ndinayang'ana chikwama changa chili pansi pa desiki, yankho lili m'menemo koma losawerengeka. Madzulo a tsiku lomwelo ndinauza bambo anu. Iwo anangondifunsa kuti, "Mukaisiya nkhaniyi, mtima wanu ukhala m'malo?" Ndinati ayi. "Ndiye lembani kalatayo. Munda ulipo, sitifa ndi njala." Lachisanu m'mawa ndinalemba, ndinasayina, a Sambani anaiika mu kabati n'kukhoma.

Loweruka la ku Chileka

Ndinakulunga kompyuta yatsopano ija m'bulangete ndi chitenje pamwamba, n'kukwera minibasi ya m'mawa. Kondakitala ankafuna aiike kumbuyo pamodzi ndi matumba a makala, ine ndinakana. "Kodi ndi mwana ameneyo, amayi?" anafunsa, anthu n'kuseka. Ndinaifungata pamiyendo kudutsa pa Lunzu mpaka pa Kameza, pomwe ndinakwera ina ya ku Chileka.

Che Jafali anali atayala kale nsalu yoyera pa tebulo. Anatenga lezala, naliika pa sitika yofiira ija, n'kundiyang'ana. "Mwatsimikiza?" Ndinagwedeza mutu kuvomera. Anadula. Zimene anachita m'maola awiri otsatira sindingazifotokoze zonse. Analumikiza disiki yakale ndi mawaya, analowetsa masidi awo, ndipo pa sikirini pankayenda kamzere pang'onopang'ono. Anandiuza kuti magetsi akathima kamzereko kasanafike kumapeto ndiye kuti tataya zonse, ndipo ine ndinkangoyang'ana babu ya pakhonde ndikupemphera chamumtima. Akazi awo anandipatsa tiyi ndi mandasi, koma tiyiyo anazizira ndisanamwe.

Cha m'ma leveni anazimitsa n'kuyatsanso. Sikirini inabwera yakuda, zilembo zoyera. "Lembani mmene munkalembera muja," anatero. Ndinalemba, ndipo kaundula wanga anatseguka. Ndinafufuza dzina la mayi wa khunyu uja: mapiritsi awiri patsiku. Ndinaimirira n'kuwomba m'manja ngati ndili ku tchalitchi.

"Tsopano tione yatsopano," anatero Che Jafali. Anazimitsa, anayatsa. Kunabweranso sikirini yakuda. Anabwereza kachiwiri, chimodzimodzi. Panalibe funso lililonse loti ulowa kuti, ndipo sisitimu ya eni ake sinkaoneka paliponse. Ndinakhala pansi.

"Yafufutika?"

"Ndikukhulupirira kuti ilipo. Vuto ndi lakuti yakaleyi sidziwa zoti ili ndi inzake m'nyumba muno, ndiye yalanda khomo lonse. Ndikhoza kukonza, koma ndikufunika sidi imene inabwera m'katoni ya kompyutayi. Mwabwera nayo?"

Sidi imeneyo inali mu kabati ya a Sambani.

Ulendo wobwerera ku Lirangwe tsiku limenelo unali wautali kuposa masiku onse. Ndinaganiza zonama kuti ndikungofuna kuona pepala lina m'kabatimo, koma ndinaona kuti ndikanama kamodzi ndidzafunika kunamanso. Ndinawapeza kunyumba kwawo akupalira mbewu za kuseri kwa nyumba, atavala kabudula. Ndinagwada patali pang'ono n'kunena zoona zonse: yakale yayenda, yatsopano sikuoneka, pakufunika sidi.

Anaika khasu pansi. Nkhope yawo inachita kuda. "Ndinakuuzani, Mayi Likoswe."

"Munandiuza, bwana."

Analowa m'nyumba. Ndinaganiza kuti basi zathera pomwepo. Koma anatuluka atavala thalauza, makiyi ali m'manja, n'kukatulutsa njinga yamoto ya chipatala. "Sidi imeneyi sindipatsa munthu. Ndipita nayo ndekha. Kwerani." Tinadzera njira yachidule ya fumbi, imene nyengo imeneyo inali matope okhaokha, ndipo kawiri konse ndinatsika kuti iwo akankhe.

Titafika, Che Jafali anawalonjera mwaulemu, nawapatsa mpando, n'kulandira sidi ndi manja awiri. Anailowetsa, analemba mizere ingapo, anazimitsa. Atayatsa, pa sikirini panaoneka mizere iwiri: wapamwamba YATSOPANO, wam'munsi YAKALE, ndi manambala owerengera chobwerera pambali. "Muli ndi masekondi makumi atatu oti musankhe ndi batani la muvi. Mukapanda kusankha ilowa yokha m'yatsopano. Bwana, dinani ndinu." A Sambani anadina. Panapita kanthawi kochepa kamene kwa ine kanali ngati chaka, kenaka mitundu ija inabwera, kanyimbo kake kanalira, pulogalamu ya malipoti ili pomwe inali. A Sambani anatsegula apa ndi apo kuti atsimikize, kenaka anati, "Kalata yanu ija ndikusungabe." Koma tiyi amene anawapatsa anamwa, ndi mandasi awiri.

Chaka chotsatira

Kuyambira pamenepo ntchito yanga inagawika pawiri. M'mawa, odwala akamalowa, ndinkakhala m'sisitimu yakale. Masana ndinkazimitsa n'kulowa m'yatsopano kuti ndilembe malipoti. Masisitimu awiriwa sankayenda nthawi imodzi, ndiponso yatsopano sinkatha kuwerenga kaundula wakale, choncho panalibe njira ina yosamutsira mayina koma yamanja. Tsiku lililonse ndinkakopera mayina angapo m'kope, kenaka n'kuwatayipa mbali inayo, motsata alifabeti.

Tsiku lina mu Juni, dzuwa litapendeka, ndili m'kati molemba lipoti m'sisitimu yatsopano, anthu anabwera ndi bambo wina pa ngolo kuchokera ku Chigaru. Dzina lake linali Yusufu Twaibu. Thupi linali moto, akupuma movutikira, osatha kulankhula. Adokotala anati ndi chibayo, ndipo anauza anamwino kuti akonze jakisoni wa penisilini. Mkazi wake anagwira anamwino pa mkono. "Pepani amayi, kale anawabaya jakisoni wina pompano, anatupa khosi mpaka tinkati amwalira." Adokotala anafunsa kuti unali jakisoni wanji, iye anati sakudziwa. Anafunsa buku, iye anati linanyowa nyumba itagwa ndi mvula. Adokotala anasuzumira pa khomo langa. "Mayi Likoswe, muli naye ameneyu?"

Pa T n'kuti ndisanafike. Ndinatseka lipoti, ndinazimitsa kompyuta. Ana anga, simudziwa kuti makina amachedwa bwanji mpaka tsiku limene munthu akupuma movutikira kuseri kwa khoma. Inazima, inayaka, mizere iwiri ija inabwera, ndinatsitsa muvi n'kudina. Ndinalemba dzina. Panatuluka a Twaibu anayi, Yusufu mmodzi. Pansi pa dzina lake panali mawu amene ndinatayipa ndekha zaka zambiri m'mbuyomo kuchokera pa kadi limene chiswe chinadya kalekale: ASAPATSIDWE PENISILINI, ANATUPA KHOSI NDI NKHOPE. Ndinafuula ndili pampando pomwepo. Anamwino anabweza jakisoni uja m'mbale, adokotala analemba mankhwala ena. Patatha masiku asanu a Twaibu anatuluka akuyenda okha. Iwo sanadziwe n'komwe zimene zinachitika mu ofesi mwanga, ndipo panalibe chifukwa chowauzira.

A Sambani anamva nkhaniyi kwa adokotala, koma kwa ine sananenepo kanthu. Patatha miyezi iwiri kunabwera mayi wa ku bungwe lija kudzayendera katundu amene anapereka. Anali ndi pepala la mafunso m'manja. Anayang'ana kumbuyo kwa kompyuta n'kuona sitika yodulidwa. Anayatsa, mizere iwiri ija inaonekera. Anavula magalasi.

"Izi ndiye ziti? Anatsegula ndani kompyutayi?"

Ndinaimirira kuti ndiyankhe. A Sambani anandiyambirira. "Ndine ndinalamula, mayi. Sidi ndinapita nayo ndekha kwa amisiri. Mukafuna kulemba dzina, lembani langa." Kenaka anafotokoza za kaundula, za makadi odyedwa ndi chiswe, za a Twaibu, bwino lomwe kuposa mmene ine ndikanafotokozera. Mayi uja anafunsa ngati malipoti athu anachedwapo ngakhale mwezi umodzi. Anayang'ana pa pepala lake n'kudziyankha yekha kuti ayi. Anati sitikayo ailemba kuti inadulidwa ndipo kompyuta ikadzawonongeka tidzakonze tokha, koma sanaitenge. Asananyamuke anandipempha kuti ndimulembere mmene angawapezere Che Jafali, chifukwa kunali chipatala china kumene kaundula wawo anangotsekeredwa m'katoni pamodzi ndi kompyuta yakale.

Galimoto itachoka, a Sambani anatsamira pa chitseko changa akupukuta thukuta. "Kodi mwafika pati ndi mayina aja?"

"Ndangoyamba M, bwana."

"M? Aa, ndiye tidakali kutali. Theka la anthu a kuno ndi a M." Anaseka, ndipo aka kanali koyamba kuwaona akuseka mu ofesi mwanga. Sabata yotsatira anandigulira makope atsopano, ndipo anauza anamwino kuti Lachitatu masana asamanditume kwina kulikonse. Za kalata ija sanatchulenso, inenso sindinafunse.

Chaka chomwe ndinapuma

Mayina anatha nditatsala miyezi itatu kuti ndipume ntchito. Ndinabwerezanso kaundula yense kuyambira pa A, kufananitsa mbali ziwirizo, makamaka mzere wa mankhwala odana ndi thupi, ndipo ndinapeza malo asanu ndi awiri amene ndinadumpha. Nditakonza ndinaitana Che Jafali. Anabwera akuyenda ndi ndodo, maso atayamba kuvuta, koma manja adakali omwe aja. Anasunga kaye zonse za m'sisitimu yakale pa masidi awiri, imodzi ya ofesi, ina yoti ikakhale ku likulu la mpingo. Kenaka anakonza zoti chipinda chakale chija chichotsedwe kuti yatsopano ipeze malo, popeza inali itayamba kudzaza. Pa sikirini panabwera funso lofuna inde kapena ayi, ndipo iwo anasuntha mpando wawo.

"Ili ndi lanu, amayi. Ine ndimangomanga ndi kugumula. Mwatsimikiza kuti palibe watsala m'katimo?"

"Onse atuluka, Che Jafali. Ndawawerenga kawiri."

"Dinani."

Ndinadina. Ndinkaganiza kuti ndilira, koma ayi. Ndinangomva mapewa anga akutsika, ndipo ndinazindikira kuti kwa zaka zonsezo mitambo ikangoda ndinkathamangira kukazula mawaya mtima uli m'mwamba. Tinayatsa kompyuta, inalowa yokha osafunsa kanthu. Ndinafufuza mayina atatu amene anandibwerera m'mutu, onse ndinawapeza ndi mbiri yawo yonse. Ndinawaperekeza Che Jafali mpaka pa siteji ya minibasi, ndipo pobwerera ndinadzera mu ofesi ya a Sambani kukapempha kuti ndiweruke msanga. Anafunsa ngati ndadwala. Ndinati ayi, bwana, ndikungofuna kukagona. Ndinafika kunyumba dzuwa lili pamutu, ndinayala mkeka pansi pa mango, ndipo bambo anu akuti anandidzutsa katatu konse koma sindinamve.